Mvula ya Lolemba

Mdzukulu wanga wamkazi anafika kuno kumudzi titangomaliza kukolola chimanga. Anatsika kabaza pa Kandeu n'kukwera phiri wapansi, chikwama chili kumsana, m'chikwamamo muli kompyuta. Ndi mwana wa mwana wanga wamkazi wachiwiri. Sukulu anaphunzira mpaka ku yunivesite, ndipo chithunzi chake atavala mkanjo wakuda chili pakhoma m'nyumba mwanga. Koma anali atakhala chaka chathunthu kwa amalume ake ku Lilongwe, akulemba makalata ofunsira ntchito, osaitanidwa ngakhale kamodzi.

Ntchito imene ankaifuna ndi yosanthula manambala. Anandifotokozera kuti mabungwe amasonkhanitsa manambala ambirimbiri, a zokolola, a odwala, a ana a sukulu, kenako amasowa munthu wowauza zimene manambalawo akunena. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma zimenezo ndinazimva.

"Nanga pepala uli nalo, akukukaniranji?" ndinamufunsa.

"Pepala aliyense ali nalo, agogo. Iwo akuti tionetse zimene unachitapo ndi manja ako."

Pamenepo anthuwo sindinawatsutse. Ndinagwirako ntchito m'mafamu a ku Joni ndili mnyamata, ndipo palibe anandifunsa pepala. Kapitawo ankakupatsa ng'ombe ziwiri ndi pulawo, iye n'kuima pambali. Dzuwa lisanafike pamutu amakhala atakudziwa.

Mtolo wa ntchito zoonetsawo ankautchula kuti potifoliyo. Anali ataikamo kale ntchito ziwiri zimene anapanga ndi manambala otola pa intaneti, a masitolo a kumayiko akutali. Koma anati zimenezo n'zimene aliyense wofunsira ntchito amanyamula, zofanana ngati yunifolomu. Iye ankafuna chimodzi chimene wina aliyense alibe. Bungwe lina lothandiza alimi linali litalengeza malo a munthu mmodzi, ndipo linapereka milungu isanu ndi umodzi kuti anthu atumize ntchito zawo.

"Ndabwerera makope anu a mvula," anatero.

Makopewo ndiwafotokoze. Pa famu ina imene ndinakhalitsapo, mwini wake ataona kuti ndimalemba manambala bwino, anandipatsa ntchito yowerenga mvula m'mawa uliwonse. Kumeneko kunali kabotolo kagalasi kolembedwa mizere. Nditabwerera kwathu kabotolo koteroko ndinalibe. Ndinapeza chitini cha m'mbali mowongoka, ndinachiika pa mtengo umene ndinazika pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, n'kugula lula. Kuyambira mvula yoyamba mpaka yomaliza, m'mawa ndisananyamule khasu, ndinkaviika lula m'chitini, kulemba m'kope, kutaya madziwo. Anthu ankandiseka. Mlamu wanga wina ankati ndikufuna kukasumira mitambo kwa amfumu. Koma nthawi yobzala ikafika, omwewo ankadutsa pakhomo panga kudzafunsa ngati imeneyi ndi mvula yobzalira kapena ndi chizimalupsa chabe. Ndachita zimenezi zaka zoposa makumi atatu. Makope onse ali m'bokosi lachitsulo limene ndinabwera nalo ku Joni.

Ndinamulola, koma ndinamuikira malamulo. Kope lisatuluke m'nyumba. Asambe m'manja asanaligwire. Atenge limodzi, akamaliza abweze, ndiye atenge lina.

"Ku laibulale ya ku yunivesite sankavuta chonchi," anatero.

"Mabuku a kumeneko sanalembe ndi iwo," ndinamuyankha.

Tsiku loyamba lomwelo anandiitana patebulo. M'kope ndimalemba deti kumanzere, muyeso kumanja. Madeti ena ali ndi kamzere kokha.

"Kamzereka kakutanthauza chiyani, agogo?"

"Sikunagwe mvula."

"Nthawi zonse?"

"Nanga ndingalembe kamzere mvula itagwa?"

Sanafunsenso. Kulikonse kumene anapeza kamzere ankalemba ziro mu kompyuta yake.

Kukoperako kunamutengera milungu itatu. Ankayamba m'mawa agogo ake aakazi akupita kudimba la kachewere, n'kulekeza batire likatha. Kasola kanga ndi ka wailesi ndi foni basi, kompyuta sikangaikwanitse, choncho masiku awiri alionse ankatsikira ku Kandeu kukatchajitsa. Akafuna netiweki ankakwera pachulu cha kuseri kwa khola, foni ili m'mwamba ngati munthu woimitsa minibasi. Akazi anga ankamuseka. Amamutchula mkazi mnzanga, monga amachitira agogo kwa mdzukulu wamkazi.

"Mkazi mnzanga, wandilanda mwamuna ndi makope omwe. Ine zaka zonsezi bokosi limenelo ndimangolipukuta pamwamba."

"Inu simunafunsire bwino, agogo," ankatero mwanayo. "Abambowa amafuna munthu wosamba m'manja."

Ine ndinkamuyang'ana mmene akugwirira ntchito, ndipo ndinkakhutira. Kope lina chiswe chinadya ngodya yake, manambala a masiku angapo n'kusowa. Ndinati ndikhoza kuganizira kuti inagwa yochuluka bwanji, popeza chaka chimenecho ndimachikumbukira. Anakana. Anati pamene palibe nambala pazikhala popanda nambala, ndipo alemba kuti panadyedwa ndi chiswe. Ndinaona kuti mwanayu sukulu sinamuwononge.

Atamaliza kukopera anakhala masiku angapo akusakaniza manambalawo m'njira zake. Tsiku lina masana anandipeza pakhonde ndikusoka thumba, n'kuika kompyuta pamiyendo panga.

"Taonani, agogo. Taonani zimene chitini chanu chanena."

Panali chithunzi cha mizere iwiri. Anati umodzi ukuwerenga masiku amene mvula inagwa chaka chilichonse, winawo ukuwerenga masiku amene inagwa yamphamvu kwambiri. Zaka zoyambirira mizereyo inkangoyenda mokhotakhota. Kenako, pofika chaka china, woyamba unatsika, wachiwiri unakwera, ndipo sinabwererenso.

"Masiku a mvula achepa, koma ikagwa ikugwa yoopsa," anatero. "N'zimene akatswiri akunena za kusintha kwa nyengo. Koma iwo ali ndi makina. Ine ndazipeza m'chitini cha agogo anga, kumudzi kumene kulibe woyeza wina. Izi ndikaziika patsogolo penipeni, sangandidumphe."

Sindinamuonepo akusangalala chotero chifikireni. Inenso mtima unakwera. Madzulo ake ndinauza anzanga awiri a ku tchalitchi kuti makope anga akupita ku Lilongwe, ndipo ndinawauza mokweza kuti mlamu wanga uja amve.

M'mawa mwake ndinamufunsa kuti andionetse chaka chimene mizereyo inapatukira. Anatsegula bokosi, n'kunditulutsira kope la chikuto chobiriwira. Ndinalitsegula. Patsamba loyamba panali vesi imene ndinalemba ndi dzanja langa tsiku limene anandisankha kukhala mkulu wa mpingo.

Ndinalitseka, ndinamubwezera, ndinanyamula khasu n'kupita kumunda, ngakhale kunalibe cholima.

Nkhani yake ndi iyi. Atandisankha ukulu wa mpingo, ndinalonjeza mumtima kuti tsiku la Sabata sindidzagwiranso ntchito ina iliyonse. Khasu ayi, nkhwangwa ayi, lula ndi cholembera ayi. Munthu sungamaimirire kutsogolo kudzudzula anzako opita kumsika Lamulungu, iwe utayamba tsikulo ndi kuyeza madzi. Kuyambira chaka chimenecho chitini chinkakhala osakhudzidwa Lamulungu lonse. Lolemba m'mawa ndinkayeza madzi onse amene ndawapeza, a masiku awiri, n'kuwalemba pa deti la Lolemba. Pa deti la Lamulungu ndinkaikapo kamzere kuti mzere usakhale wopanda kanthu. Kwa ine zinalibe vuto. Chimene ndinkafuna ndi mvula ya mwezi wonse, ndipo imeneyo sinkasowa ngakhale dontho. Ndinazolowera mpaka kuiwala kuti ndimachita zimenezo.

Tsono masiku a mvula sanachepe kumwamba. Anachepa m'kope mwanga. Ndipo mvula yoopsa ija yambiri inali mvula wamba ya masiku awiri, itaunjikana m'chitini chimodzi.

Kunali kutatsala masiku asanu kuti atumize.

Ndinakhala nazo masiku awiri osanena. Iye ankalemba mawu ofotokozera chithunzi chake, nthawi zina n'kumayeserera pakhonde mmene akayankhulire akakamuitana. Ine ndinkadutsa ngati sindikumva. Ndinkadziuza kuti mwina kusiyanako ndi kochepa. Ndinkadziuzanso kuti anthu a mu ofesi sangakhale pansi kuwerenga kuti deti lakuti linali tsiku lanji zaka makumi awiri zapitazo.

Tsiku lachiwiri akazi anga anandipeza kudimba nditangoima.

"Abambo, mwatani? Dzulo simunadye, lero mwaima pakati pa kachewere ngati choopsezera mbalame."

Ndinawauza zonse. Anamvetsera akupitiriza kupalira.

"Ndiye mukudikira chiyani?"

"Ndikamuuza, ntchito yake yonse yagwa. Masiku atsala atatu."

"Nanga akakamuuza a ku ofesi, pamaso pa anthu, ndiye kuti yaima?"

"Mwina sangaone."

Anaweramuka, n'kundiyang'ana.

"Inu amene munabweza mbuzi ya eni itabereka kale m'khola mwanu, lero mukuti mwina sangaone? Si mwana mukumumvera chisoniyu ayi. Mukumvera chisoni makope anu. Mwalengeza mudzi wonse kuti sanama."

"Sanama."

"Chabwino, sanama. Koma amapita ku tchalitchi."

Ndinawasiya kudimbako n'kubwerera kunyumba. Takhala m'banja zaka zambiri, ndipo ndimadziwa pamene kuyankha kulibe phindu.

M'mawa mwake ndinamuitana mdzukuluyo asanatsegule kompyuta. Ndinamuuza ataimirira, inenso nditaimirira. Sindinazungulire. Ndinayamba ndi kope lobiriwira n'kumalizira pa kamzere.

Analowa m'nyumba, ine ndinamutsatira. Anakhala patebulo n'kuiuza kompyuta kuti igawe mvula yonse motsata masiku a pa mlungu, kuyambira chaka cha kope lobiriwira. Sizinatenge nthawi. Panatuluka timizati tisanu ndi tiwiri. Tisanu tinali tofanana msinkhu. Ka Lolemba kanatalika pafupifupi kawiri. Pa Lamulungu panalibe kanthu, mbee.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kosakoma.

"Zaka zonsezi ku Kandeu mvula siigwa Lamulungu," anatero. "Ndikanapita nazo zimenezi."

Ndiye anatembenuka.

"Ndinakufunsani, agogo. Tsiku loyamba lenileni. Ndinati nthawi zonse? Inu munandiyankha ngati ndafunsa zopusa."

Mwana aliyense wa m'nyumba mwanga sanandiyankhulepo chotero. Amayi ake enieniwo sangayerekeze. Koma zimene ananenazo zinali zoona.

"Unandifunsa," ndinatero. "Ndinakuyankha molakwa."

Anatuluka, n'kukakhala pachulu paja, foni ili m'thumba. Ndinamusiya. Akazi anga anafuna kumutsatira, ndinawaletsa. Patapita nthawi anabwerera, maso ali ofiira, anasamba m'manja n'kutsegula bokosi.

"Pali chinanso chimene simunandiuze? Ganizani bwino. Maliro, ulendo, matenda."

Tsopano wofunsa anali iye, ine woyankha. Tinakhala tsiku lonse tikutsegula kope ndi kope. Ndinakumbukira milungu iwiri imene ndinagona kuchipatala cha ku Sharpevale ndikudwazika akazi anga, pamene chitini chinadzaza n'kusefukira. Ndinakumbukira chaka chimene chitini choyamba chinachita dzimbiri n'kuyamba kudontha, ndisanachisinthe. Ndinakumbukira maliro a mchimwene wanga ku Bwanje. Chilichonse ankachilemba papepala lapadera, deti ndi chifukwa chake. Ndinapeza kuti makope anga ali ndi mabowo ambiri kuposa amene chiswe chinaboola. Sizinandikomere, koma sindinabise kanthu.

M'mawa mwake anayambiranso. Anati njira yake ndi kuphatikiza Lamulungu ndi Lolemba m'zaka zonse, zakale ndi zatsopano zomwe, kuti muyeso ukhale umodzi. Batire linatha masana. Anatsikira ku Kandeu, n'kukagwirira ntchito komweko pa benchi ya wotchaja mafoni, kompyuta ili pa moto. Anabwera dzuwa likulowa.

"Zatuluka bwanji?" ndinamufunsa.

"Mizere ija yagona, agogo. Kupatuka kuja kulibe. Chatsala n'chaching'ono. Zikuoneka ngati mvula yobzalira ikumachedwa kuyamba zaka zino kusiyana ndi kale, koma ndi chitini chimodzi sindinganene motsimikiza."

"Ndiye ulemba chiyani?"

"Zomwezo. Kuti zikuoneka choncho, koma sindinganene motsimikiza."

Ndinaona kuti pali china.

"Ndikufuna kuikamo zithunzi zonse. Cholakwika chija poyamba, kenako cha masiku a pa mlungu, kenako chokonzedwacho. Ndifotokoze mmene ndinanamizikira ndi mmene ndinakonzera. Popanda zimenezo ntchitoyi ilibe mchere. Koma makope ndi anu. Mukakana, sindiika."

Apo ndiye panandivuta koposa. Kumuuza mdzukulu wako kuti unalakwitsa ndi nkhani ya m'nyumba. Koma uku kunali kutumiza kulakwitsa kwanga ku Lilongwe, kuti anthu ovala mataye, amene sanaviikepo lula m'madzi, akakhale pansi n'kumaseka nkhalamba ya kumudzi imene mvula yake imapuma Lamulungu. Ndinamuuza kuti ndimuyankha mawa.

Mawa lakelo linali tsiku lomaliza. Ndinadzuka, ndinatsegulira mbuzi, ndinazungulira munda. Ndinaganiza za chaka chimene wakhala pakhomo pa amalume ake, akutsuka mbale za eni, digiri ili m'chikwama. Nditabwerera ndinamupeza atakhala patebulo, kompyuta ili yotseka, akundidikira.

"Ika," ndinatero. "Koma zinthu ziwiri. Dzina langa lisalembedwe. Ndipo ulembe momveka kuti munthuyo sanaiwale, sanachite ulesi. Ankasunga Sabata."

"Ndilemba choncho."

"Undiwerengere usanatumize."

Analemba m'Chingerezi, n'kundimasulira mawu ndi mawu. Pamalo pena anali atalemba kuti woyezayo ankadumpha Lamulungu. Ndinamuuza asinthe. Kudumpha ndi kwa munthu wothawa ntchito. Anasintha, n'kulemba kuti woyezayo sankagwira ntchito Lamulungu chifukwa cha chipembedzo chake, ndipo madzi a tsikulo ankayezedwa Lolemba. Ndinavomera.

Netiweki ya pachulu inakana kunyamula mtolo wonsewo. Anathamangira ku Kandeu, ndipo anatumiza masana. Patapita masiku awiri anabwerera ku Lilongwe. Makope onse anawabweza m'bokosi motsatana zaka, bwino kuposa mmene anawapezera.

Panapita milungu itatu kuli zii. Akazi anga ankangoyang'ana foni ngati ili ndi mlandu. Mlamu wanga anandifunsa kawiri ngati makope afika ku Lilongwe. Ndinamuuza kuti afika.

Kenako anaimba kuti amuitana ku intavyu, iye ndi anthu ena anayi. Tsiku la intavyulo ndinagwira ntchito zanga monga mwa masiku onse. Madzulo ake anaimbanso, ndipo ndinamuuza kuti afotokoze mwadongosolo, asathamange.

Anati ofunsa anali atatu. Ntchito ziwiri za masitolo zija sanazitchule n'komwe. Nthawi yonse inathera pa chitini. Mayi wina, amene ankaoneka kuti ndiye wamkulu, ataona chithunzi cha Lamulungu lopanda mvula anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Anaseka ine?" ndinafunsa.

"Ayi, agogo. Anati iwonso zinawachitikirapo ndi manambala a kumidzi, ndipo anazindikira lipoti litatuluka kale."

Kenako mayiyo anamufunsa kuti anazitulukira bwanji. Mwanayo anati sanazitulukire yekha, anachita kuuzidwa ndi mwini makope. Anamufunsanso kuti, akanapanda kuuzidwa, akanaziona? Anayankha kuti ayi, sakanaziona, chifukwa anali atakondwa kwambiri ndi yankho limene anapeza. Anawauza kuti tsopano asanakhulupirire nambala iliyonse amayamba wakhala pansi ndi amene anailemba.

"Unayankha choncho?"

"Eya. Mwina ndadziwonongera. Anzanga aja ndawamva panja akunena zinthu zikuluzikulu."

"Unanena zoona. Dikira."

Tinadikira masiku ena asanu ndi anayi. Foni inalira ndili pakhonde ndikukonza mpini wa khasu. Akazi anga anabwera nayo akuthamanga, zimene sindinawaonepo akuchita chichokereni kuchipatala.

"Agogo, anditenga! Akuti ndiyambe ndi miyezi itatu yoyeserera. Ndiyamba mwezi wamawa."

Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso, amalume ake ndi ana akukuwa. Akazi anga anayamba nthungululu pompo, mpaka nkhuku zinabalalika.

"Wamva, agogo? Mwamva?" Mwanayo anachita kusokoneza ndi ulemu womwe.

"Ndamva," ndinatero. "Miyezi itatu si ntchito, ndi mayeso. Uzifika nthawi isanakwane. Akakupatsa chochita, uzimaliza. Usamayankhe akuluakulu mmene unandiyankhira ine, pokhapokha ngati alakwadi."

Anaseka. Ndinapereka foni kwa agogo ake aakazi, amene anali ndi zambiri zonena, ine n'kubwerera ku mpini wanga.